Adokotala Akati Ndi Khansa, Tifunse Yani?

Mfumu Hezekiya anali ndi zaka 39 zokha pamene anadwala mwakayakaya. Zakazi timazipeza tikaphatikiza 2 Mafumu 18:2 ndi 20:6: analowa ufumu ali ndi zaka 25, analamulira zaka 29, ndipo 15 zomalizazo zinali zongowonjezeredwa. Sanali nkhalamba, komanso sanali munthu wotayirira. Ndiye uja anatsegulanso makomo a Kachisi amene bambo ake, Ahazi, anawatseka, nachotsa malo opembedzerapo mafano m'dziko la Yuda. Komabe mneneri Yesaya analowa m'chipinda mwake ndi uthenga wosazungulira: akonze za pakhomo pake, pakuti sadzukanso.

Malemba amangoti chinali chotupa, khansa satchula. Koma aliyense amene anakhalapo pabenchi ya kuchipatala n'kumva liwu lakuti khansa likutuluka pakamwa pa dokotala, chipindachi achizindikira. Tikawerenga 2 Mafumu 20:1-7 mosathamanga, tiona zinthu zitatu zikuchitikira m'chipinda chimodzimodzicho. Wodwala wauzidwa zoona. Wodwala watembenukira kukhoma, walira kwambiri, wapemphera. Kenako mneneri yemweyo, amene wabwerera ndi lonjezo la zaka 15, walamula kuti atenge nkhuyu zoumba pamodzi aike pachotupapo. Choonadi, pemphero ndi mankhwala sizinakanganirane malo. Ife ndife timakonda kutengapo chimodzi n'kutaya ziwiri zinazo, ndipo pamenepa ndi pamene anthu athu ambiri akutayira miyezi imene ikanawapulumutsa.

Masiku ano uthenga wa Yesaya umabwera pakapepala. Munthu amapita kuchipatala ndi vuto looneka laling'ono: nsima yayamba kuvuta kumeza, m'bere mwatuluka kachotupa kosapweteka, magazi akuoneka kwa mayi amene anasiya kale kusamba, tsaya la mwana latupa m'milungu iwiri yokha. Amamutenga kanyama kukayeza, amadikira, kenako zotsatira zimatuluka. M'dziko muno khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene nthendayi yachuluka kwambiri padziko lonse. Khansa ya kummero nayo ndi yofala kuno, pamodzi ndi Kaposi sarcoma, imene imakonda anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndi Burkitt lymphoma ya ana. Ambirife pasukulu pano uthengawu umatipeza pafoni, pakati pa semesita: amayi awapeza ndi khansa. Kwa ochepa mwa ife, wopezeka nayoyo amakhala ife eni.

Mlungu usanathe, alangizi amakhala atabuka ngati ngumbi za mvula yoyamba. Azakhali akudziwa sing'anga wa kutsidya kwa mtsinje. Mnzathu wa m'kalasi watumiza kanema wa pa WhatsApp wonena za madzi a mandimu. M'bale wina wa mumpingo wafika ndi makala operapera ndi adyo. Aneba amva za mneneri wa m'tauni amene amasanzitsa matenda. Onsewa amatikonda. Miyambo 11:14 imayamikira kuchuluka kwa aphungu, ndipo akuluakulu athu amati safunsa anadya phula. Koma wofunsa aliyense za chilichonse nayenso amadya phula lomwelo. Nzeru yagona pa kudziwa kuti funso liti lipite kwa yani.

Manyazi amene amatitseka pakamwa

Tisanafike pa mafunsowo, pali chinthu chimene chimatilepheretsa ife a mpingo wa Adventist kufunsa n'komwe. Timaphunzitsa uthenga wa zaumoyo, ndipo ndi uthenga wabwino. Kafukufuku wa Adventist Health Study-2, amene anayamba mu 2002 pa anthu a mpingo wathu pafupifupi 96,000 a ku United States ndi Canada, anapeza kuti osadya nyama ankapezeka ndi khansa ya m'matumbo akulu mocheperapo poyerekeza ndi odya nyama. Timve bwino: mocheperapo. Pakati pa osadya nyamawo analipo amene anadwala. Kudya bwino ndi kupewa fodya ndi mowa kumachepetsa chiopsezo, sikuchichotseratu. Koma mmene uthengawu umalalikidwira nthawi zina ku misasa, munthu amabwerako akuganiza kuti wokhulupirika sadwala. Ndiye akadwala mayi wa Dorika amene sanalawepo tiyi chibatizidwireni, amayamba kudzifufuza kuti analakwa pati, ndipo amabisa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Yesu anafunsidwapo funso lomweli za munthu wobadwa wosaona (Yohane 9:1-3). Ophunzira anamupatsa mayankho awiri oti asankhepo, tchimo la munthuyo kapena la makolo ake, ndipo Iye anakana onse awiri. Elisa, amene anaukitsa mwana wa mayi wa ku Sunemu ndi kuchiritsa Namani, anamwalira ndi nthenda (2 Mafumu 13:14), ndipo palibe vesi limene limamuimba mlandu.

Pa khansa ya khomo la chiberekero manyaziwa amakula kawiri, chifukwa kachilombo ka HPV kamene kamaiyambitsa kamapatsirana pogonana. Maukwati amagwedezeka, abale a kuchimuna ndi a kuchikazi amalozana zala. Tidziwe izi: kachilomboka ndi kofala kotero kuti anthu ambiri amene anakhalapo malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi amakatenga nthawi ina pamoyo wawo, ndipo mwa ambiri thupi limakachotsa lokha iwo osadziwa. Mwa ochepa amene kamakhalitsa, pamatha zaka 15 mpaka 20 khansa isanayambe, ngakhale mwa amene chitetezo chawo n'chofooka zimafulumirapo. Bwalo lofufuza amene anakabweretsa m'nyumba silingapeze wolakwa, koma lingadye mwezi wathunthu wa chithandizo. Mphamvu imeneyo ndi bwino ithere pa kuperekeza achemwali ndi ana aakazi a wodwalayo kukayezetsa khomo la chiberekero, ndi kuona kuti atsikana aang'ono alandira katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Khansa yeniyeniyo siipatsirana. Mbale, kapu ndi zofunda za wodwala zili ngati za wina aliyense.

Sitikuti wodwala aimirire kutsogolo kwa mpingo n'kuulula zonse. Yesu ku Getsemane sanaitane khamu. Anatenga atatu, n'kuwauza mosabisa za kulemedwa kwa mtima wake (Mateyu 26:37, 38). Atatu okhulupirika akukwana poyambira. Ndipo ouzidwawo adziwe kuti mawu akuti "tiwapempherere" si chilolezo chofalitsira matenda a munthu pagulu la WhatsApp la kwaya.

Mwini thupi adziwe

Kwathu kuno nthawi zambiri abale amamva zotsatira wodwalayo asanamve, n'kupangana kuti asauzidwe poopa kuti angataye mtima. Chifundo chake n'chomveka. Koma taganizirani mayi amene akuona thupi lake likutha, ana ake akunong'onezana pakhonde, ndipo aliyense akumuuza kuti ndi zilonda za m'mimba chabe. Amadziwa kuti akumubisira, ndipo amasenza mantha ake yekha pofuna kuti anawo asadandaule. Sangavomere opaleshoni ya matenda amene sanauzidwe. Sangakonze za ana, za munda, za ngongole, kapena za m'bale amene sanalankhulane naye zaka zisanu. Yesaya sanapite kwa nduna za mfumu, anapita kwa mfumuyo. Ndipo popeza Hezekiya anamva zoona, anadziwa chopempherera. Kauzidwe kake ndiko kofunika nzeru: pamalo pabata, pali munthu amene wodwalayo amamukhulupirira, pang'onopang'ono molingana ndi mmene iye akufunira kumva. Pali anamwino amene anaphunzira ntchito imeneyi, ndipo tikhoza kuwapempha kuti akhale nafe.

Za chilolezo nazo n'chimodzimodzi. Kulemekeza amalume, eni mbumba ndi amuna a wodwala ndi khalidwe lathu, ndipo sitikuti tilitaye. Koma ngati tsiku la opaleshoni laperekedwa, amalume a ku Johannesburg auzidwe pafoni lero lomwe, osadikira kuti abwere pa tchuthi cha Disembala.

Mafunso a kwa dokotala

Munthu akangomva liwu la khansa makutu amatseka, ndipo zimene dokotala wanena pambuyo pake zimangodutsa. N'chifukwa chake wodwala asamalowe yekha. Apa ndi pamene ife ophunzira tili ndi ntchito. Kumudzi amatiyesa odziwa zonse, makamaka amene akuphunzira unamwino ndi zachipatala ku Malamulo: "Iwe ndiye unapita kusukulu, tiuze." Chaka chachiwiri cha maphunziro sichisandutsa munthu katswiri wa khansa. Ntchito yathu ndi kulowa nawo, cholembera chili m'manja, kufunsa ndi kulemba, kenako kukafotokozera akunyumba m'Chichewa chomveka.

Tifunse dzina lenileni la khansayo, chifukwa khansa si nthenda imodzi. Ya m'bere ndi ya kummero n'zosiyana monga asiyanira malungo ndi chifuwa chachikulu. Tifunse pamene yafika. Madokotala amawerenga masiteji kuyambira 1 mpaka 4, potengera kukula kwa chotupa ndi kufalikira kwake. Funso lachitatu ndi limene ambiri timaliopa, koma ndilo lofunika koposa: kodi cholinga cha chithandizochi n'kuchiza, kapena kuchepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo? Banja likamva yankho lake limadziwa ngati kugulitsa ng'ombe kuli ndi phindu, kapena ng'ombeyo isungidwire fizi ya ana. Tisatuluke tisanadziwe tsiku lobweranso, khomo loti tikagogode, ndi zizindikiro zoti tikaziona tithamangire kuchipatala osadikira tsikulo. Chimodzi mwa izo tichitchuliretu pano: munthu amene akulandira kemo akatentha thupi, imeneyo ndi nkhani ya usiku womwewo, chifukwa mankhwalawa amatsitsa maselo oyera a m'magazi amene amalimbana ndi tizilombo. Kabuku ka kuchipatala ndi mapepala onse a zotsatira zisungidwe m'chikwama chimodzi, ndipo tizijambule pafoni. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa, ndipo dokotala wa khansa auzidwe.

Kupempha kuti dokotala wina aonenso si mwano. Madokotala a khansa amapezeka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo kalata yotumizira kumeneko ikalembedwa, isagone m'thumba.

Uphungu umene umadya nthawi

Khansa zingapo zimachizika zikapezeka msanga. Ya khomo la chiberekero ikakhala pa siteji yoyamba imatha kuchotsedwa ndi opaleshoni. Burkitt lymphoma imakula mofulumira modabwitsa, koma imamvanso kemo, ndipo ana ambiri achira nayo. Chimene chimasandutsa nthenda yochizika kukhala yosachizika, nthawi zambiri, ndi miyezi. Choncho uphungu uliwonse tiuyese ndi funso limodzi: kodi ukumufikitsa wodwala ku chithandizo, kapena ukumuuza kuti ayambe wadikira?

"Yambani mwayesa izi miyezi itatu, zikakanika ndiye mupite." Mawu amenewa aphetsa anthu. Amawanena sing'anga, amawanena mneneri wogulitsa madzi ndi mafuta, ndipo tisadzinamize, amanenedwanso mumpingo mwathu momwe ndi abale a mtima wabwino amene amayenda ndi makala, cham'mwamba ndi timabotolo ta madzi a zipatso. Makala ali ndi ntchito yake. Ngakhale kuchipatala makala okonzedwa mwapadera amapatsidwa kwa munthu amene wamwa poizoni wina. Koma sasungunula chotupa, ndipo akamwedwa pamodzi ndi mapiritsi amatha kuyamwa mankhwalawo asanagwire ntchito. Zitsamba zina zimalemetsa chiwindi chimene kemo wachilemetsa kale. Chilichonse chimene wodwala akumwa, dokotala adziwe. Ndipo munthu amene akuwonda ndi khansa si woti timuyambitse kusala kudya kapena kumulembera zakudya khumi zoletsedwa. Akufunika phala la soya lothira nsinjiro, nyemba, mazira, mkaka, chilichonse chabwino chimene chingalowe.

Ena amati mpeni ukaikhudza khansa imalusa. Chimene chimachitika n'chakuti ambiri amafika pa opaleshoni nthendayo itafalikira kale, ndipo mpeni umasenza mlandu wa kuchedwako.

Pali vesi limene limagwiritsidwa ntchito poopseza odwala, la mfumu Asa amene anadwala mapazi n'kuthamangira kwa asing'anga osafuna Yehova (2 Mbiri 16:12). Tikawerenga mutu wonsewo tiona kuti Asa anali atayamba kale kudalira mfumu ya Aramu, ndipo mneneri amene anamudzudzula anamuponya m'ndende. Tchimo lake linali kutsekera Mulungu kunja, osati kulola wochiza kulowa. Paulo anayenda maulendo ake ndi Luka, yemwe anali dokotala (Akolose 4:14).

Amene amati Mayi Ellen White ankakana chipatala awerengenso. Mankhwala amene ankawadzudzula m'zaka za m'ma 1860 anali monga calomel, wokhala ndi mercury, ndi strychnine, amene madokotala a lero nawonso anawasiya kalekale. Mu 1911 iwo eni analandira chithandizo cha X-ray ka 23 pa banga lakuda limene linali pamphumi pawo, ndipo analemba moyamikira kuti linatheratu. Chipatala cha mpingo wathu cha Loma Linda ku California chinali chimodzi mwa zipatala zoyamba padziko lonse kutsegula, mu 1990, malo ochizira khansa ndi ma proton m'kati mwa chipatala. Mpingo umene uli ndi zipatala ku Malamulo ndi ku Blantyre sungauze munthu wake kuti kulandira kemo ndi kusakhulupirira.

Anthu anayi ndi mphasa

Pa Marko 2:1-5 timawerenga za munthu wofa ziwalo amene anzake anayi anamunyamula, n'kusasula denga kuti amufikitse pamaso pa Yesu. Marko salemba liwu limodzi lomwe limene anayiwo analankhula, komabe akuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Chinaonekera m'mapewa. Abwenzi a Yobu nawo anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anangokhala naye pansi chete (Yobu 2:13). Zinaipa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chake akuvutika.

Kemo saperekedwa kamodzi. Amaperekedwa m'zigawo, kawirikawiri pa milungu itatu iliyonse, kwa miyezi ingapo. M'zipatala za boma mankhwala salipiritsa, koma minibasi yochokera ku Makwasa kapena ku Ntcheu imalipiritsa, gadiyani amafunika kudya, ndipo udzu kumunda sudikira. Odwala ambiri amasiyira chithandizo panjira chikhulupiriro chilipo ndithu, chosowa ili thiransipoti ya ulendo wachinayi.

Ife timadziwa kusonkha pamaliro. Ufa, nkhuni, bokosi, galimoto, zonse zimapezeka tsiku limodzi. Theka la zomwezo likanabwera miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo, mwina malirowo sakanachitika. Kalasi imodzi ya Sukulu ya Sabata ikhoza kulemba masiku a kemo a munthu mmodzi n'kugawana: uyu thiransipoti ya ulendo uno, uyu akalowe m'malo mwa gadiyani kuti nayenso akapume masiku awiri, achinyamata akapalire munda. Odwala khansa amafuna magazi kawirikawiri, ndipo wophunzira wathanzi amene m'thumba mulibe kanthu ali nacho choti apereke a Malawi Blood Transfusion Service akabwera pasukulu. Mawu akuti "mukafuna kanthu mutiuze" amamveka bwino, koma wodwala sanena. "Lachitatu tibwera kudzachapa" ndiwo mawu amene amanyamula mphasa.

Wophunzira amene kholo lake ladwala, kapena amene wadwala yekha, auze abusa a pasukulu ndi oyang'anira zamaphunziro mayeso asanafike. Kupempha kuimitsa semesita mwadongosolo n'kosiyana kwambiri ndi kungosowa, ndipo njira yobwererera imakhala yotseguka. Anzake a m'chipinda asunge manotsi, ndipo asamudabwe tsiku lina akaseka nawo, tsiku lina n'kukana kudzuka.

Mafuta, ndi pamene kuchira kwakanika

Yakobo 5:14-16 amapereka udindo woitana akulu a mpingo kwa wodwalayo. Ambirife tinazolowera kuona kudzoza mafuta ngati mwambo wa munthu amene watsala pang'ono kutsirizika, mwakuti akulu akafika ndi kabotolo, apanyumba amayamba kulira. Lembalo silinena choncho. Munthu akhoza kudzozedwa mlungu womwe wamva zotsatira, akuyenda yekha, akutha kuulula ndi kupemphera nawo, m'mawa mwake n'kukwera minibasi kupita kukalandira kemo. Akulu asamuuze kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, ndipo akapanda kuchira asamuuze kuti chikhulupiriro chinachepa. Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu ambiri kudzera mwa iye, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20), ndipo munga wa m'thupi mwake anaupempherera katatu koma sunazulidwe (2 Akorinto 12:7-9). Hezekiya analandira zaka 15. Si aliyense amalandira.

Nthawi zina yankho la funso lachitatu lija limakhala loti kuchiza sikutheka. Pamenepo tisalole mawu akuti palibenso chimene tingachite. Ululu uli ndi mankhwala ake. Morphine wamadzi amapezeka m'zipatala za m'dziko muno, ndipo akamwedwa monga mwa malangizo, pa maola ake osadikira kuti ululu uyambe waluma, safupikitsa moyo. Munthu amagona, amadya, amacheza ndi zidzukulu. Amalimbitsa m'mimba, choncho tipemphenso mankhwala ofewetsa. Ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma muli anamwino a chisamaliro chimenechi, amene amaphunzitsanso gadiyani kutsuka bala, kuchepetsa fungo ndi kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda za pogona.

Gadiyani afunse kumene akatenge mankhwala ena akatha, ndipo asadikire kuti botolo liume Lachisanu dzuwa litapendeka. Koma likauma pa Sabata, akwere minibasi akatenge lina ndi mtima wosatsutsika. Mayi amene anali wopindika msana zaka 18 Yesu anamuwongola pa Sabata, m'sunagoge momwemo, mkulu wa sunagoge akudandaula kuti akanadikira tsiku lina (Luka 13:10-16).